Mulu wa Kuseri kwa Chigafa

Kawale, Lilongwe
6 Meyi 2024

Okondedwa Adada,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi Amama. Ine kuno ndili moyo, kungoti mtima sukukhala m'malo. Ndikadaimba foni, koma ndikudziwa kale yankho lanu, lakuti foni imangolira ngati udzudzu m'khutu mwanu, ndipo nkhani yanzeru imalembedwa papepala. Ndiye nali pepala lanu. Ndapatsira a Yobu a minibasi.

Mukukumbukira kakampani kathu kaja, ine ndi mnzanga Shalom, kamene munakatcha golosale yopanda katundu? Boma latsegula thumba la ndalama lothandiza makampani ang'onoang'ono ochita kafukufuku. Tinalembera ambirimbiri, ndipo ife tili m'gulu la asanu ndi atatu amene atsala. Nditaona dzina lathu ndinakuwa mpaka mayi a nyumba anathamangira kuno, kuyesa kwalowa wakuba.

Ndikudziwa kuti mpaka lero ntchito yanga simuimvetsa, ndiye ndifotokozenso. Amama akamakonza thobwa, phala limakhala lolimba, koma akangothira chimera limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. M'chimeramo muli kanthu kosaoneka ndi maso kamene kamagwira ntchito imeneyo. Kusukulu timakatcha enzaimu. Alipo amitundumitundu, ndipo mafakitale athu amachita kuwagula kunja. Vuto ndi kuwafufuza, chifukwa kuyeza kanthu kamodzi kokha kumatenga masabata awiri. Ife tapanga kambale ka timaenje 96. M'kadzenje kalikonse umaikamo chinthu chakechake, ndipo dzuwa lisanalowe, pamene pali enzaimu yamphamvu pamasanduka chikasu.

Tsopano nkhani yafika pa inu. Kuseri kwa chigafa chathu kuli mulu uja wa mitengo ya fodya imene simunatenthe chaka chimene munadwala mwendo. Pa Isitala ndinatapako pang'ono pansi pake, pomwe pamera chuku choyera. Adada, pa zonse zimene tayeza, palibe chinapsa chikasu ngati chimenecho. Chuku chimenecho chimadya mtengo wa fodya ngati chiswe. Koma magetsi anazima masiku atatu, firiji inafunda, zonse ndinatapa zija zinafa.

Pa 28 Juni akuluakulu a thumbalo adzabwera kuno kudzaona ndi maso awo kambale kakusanduka chikasu. Kakapanda kusanduka, dzina lathu alifufuta. Shalom wanena kale kuti zikakanika apita ku Joni, ndipo ine ndekha kampani sindingaiyendetse. Zaka zanga zinayi zidzakhala zalowa m'madzi.

Ndidzabwera pa 22 Juni kudzatapanso. Chonde, chonde, muluwo musautenthe.

Ndine mwana wanu,
Lefina

Lukwa, Kasungu
19 Meyi 2024

Mwana wanga Lefina,

Moni m'dzina la Ambuye. Kalata yako ndailandira dzana, itagona sabata ndi theka mu golosale ya a Amosi, pansi pa katoni ya sopo pomwe Yobu anaisiya. Ife tili bwino. Mwendo ndi womwe uja ukuudziwa. Foni ya amayi ako inagwera m'chidebe kumjigo, ndiye pakhomo pano pali bata.

Ndaiwerenga katatu, kachitatu ndi magalasi. Za chimera ndamva. Za boma ndamva, ndipo ndayamika Mulungu, ngakhale uzikumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chimene sindinamve ndi ichi. Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti mwana wanga aphunzire, iye n'kupita kukaphunzira chuku? Lefina, chuku! Zaka makumi anayi ndakhala ndikulimbana nacho. Unali wakhanda pomwe mabelo anga awiri anabwezedwa kumsika chifukwa cha kachuku kochepa ngati chikhadabo. Ndinabwera nawo pa lole, mudzi wonse ukundiyang'ana. Chiyambire tsiku limenelo, palibe tsamba lachuku linalowapo m'belo langa. Anthu amachoka kwa Mwase kudzaphunzira kusankha fodya pa mkeka wanga.

China ndi ichi. Mlangizi wathu, a Aloysius, akuzungulira pa njinga yamoto kukumbutsa kuti mitengo yonse ya fodya izulidwe ndi kutenthedwa, kuopa matenda a chaka chamawa. Lamulungu lapitali amene analengeza zimenezi m'tchalitchi ndine, ndi pakamwa panga pomwepa. Ndiye iwe ukuti kutsogolo ndizilengeza, kuseri ndikusunga mulu wa zaka zitatu? Pakadali pano ndautchinga ndi mapesi mbali yoyang'ana kunjira, koma ndikamva njinga yamoto mtima umagunda.

Komabe ndiwe mwana wanga. Ngati boma likufuna kuona za m'munda mwa Levison, liona zinthu zooneka. Usade nkhawa, mulu wako ndiusamalira ndekha.

Amayi ako akuti ukamabwera uwagulire mpango, wakale uja waperepeseka.

Ndine bambo ako,
Levison

Kawale, Lilongwe
27 Meyi 2024

Adada,

Moni, ndipo mundiperekere moni kwa Amama. Kalata yanu ndalandira, ndathokoza. Koma muli mawu amene andisowetsa mtendere, oti muluwo muusamalira nokha. Ndimakudziwani, Adada. Inu mukati kusamalira ndiye kuti tsache, mpeni ndi dzuwa.

Chonde musausamalire! Mungousiya mmene ulilimo, wauve choncho. Chimene ndikufuna ine ndi chapansi, chonyowa, chowola, chonunkha chija. Dzuwa limachipha, moto ndiye osanena. Ngati kwauma kwambiri muziuthira chidebe chimodzi cha madzi pa sabata. Potapa pamangofunika supuni imodzi, kuika m'kapulasitiki, kumanga, n'kusunga pamthunzi. Koma zimenezo ndidzachita ndekha.

Ndaimba nambala ya a Amosi a golosale kasanu, sikupezeka. Ndikungozungulira m'chipinda muno ngati nkhuku yofuna kuikira, mpaka Shalom akuti ndikumupweteketsa mutu. A Yobu alonjeza kuti ulendo uno akupatsani pamanja. Mundiyankhe msanga.

Lefina

Lukwa, Kasungu
9 Juni 2024

Mwana wanga Lefina,

Moni m'dzina la Ambuye. Chikulembereni sindinamvenso kanthu kuchokera kwa iwe, ndiye ndangoti ntchito yakuchulukira. Ndamva kuti minibasi ya Yobu yakhala ili kwa makaniko ku Mponela, koma akuti mawa iyamba kuyenda. Landira kalata ino pamodzi ndi katoni.

Ndinakhala pansi n'kuganiza. Mwana akwere galimoto kuchoka ku Lilongwe kudzafukula zinyalala, bambo ake ali moyo? Komanso akayale zowola pamaso pa akuluakulu a boma, n'kunena kuti zachokera kwa Levison? Ayi ndithu.

Choncho Lolemba tinaphwasula mulu wonse, ine, Nelson tenanti wathu wa ku Phalombe uja, ndi mkazi wake Anesi. Tinayala pamikeka monga timachitira ndi fodya. Kusankha ndinasankha ndekha, mtengo umodziumodzi, masiku atatu athunthu. Giredi yoyamba ndi mitengo yolimba, yopanda banga. Yachiwiri ndi ya banga pang'ono, imene ndinaipala ndi mpeni mpaka kuyera. Yachitatu ndiye zowola zokhazokha, zina zoyera mbuu, zongofumbutuka m'manja, fungo lake losaneneka. Apa ndi pamene ndinazindikira chifukwa chake zako zija zinafa m'firiji. Unatapa zodwala kale, poti unalibe wokusankhira.

Giredi yoyamba ndi yachiwiri ndinaanika padzuwa mpaka kuuma gwa, ndadula mofanana, ndamanga khumikhumi. Ndi zimene zili m'katonimu. Ukhoza kutsegula pamaso pa wina aliyense osachita manyazi.

Giredi yachitatu tinatentha dzulo. Anesi anati bwanji tikathire kudimba, ine ndinamuuza kuti matenda sathira kudimba. Moto unayaka bwino. Mlangizi anadutsa utsi uli tolo, anaimitsa njinga, nandigwira chanza. Unati ndisatenthe mulu wako, ndipo sindinautenthe, ndangotentha zinyalala zake.

Msana ukupweteka, koma mtima wanga wapepuka. Ulendo wa pa 22 ukhoza kuusiya ngati watanganidwa, ngakhale amayi ako akudikira mpango.

Ndine bambo ako,
Levison

Kawale, Lilongwe
12 Juni 2024

Adada,

Katoni yafika. Ndatsegula pamaso pa Shalom monga munanenera. Manyazi sindinachite, ndinangopezeka ndakhala pansi pasimenti.

Mitengo yanu ndi yokongola, yomangidwa bwino. Ndayezako isanu ndi umodzi, timaenje tonse tili mbee ngati madzi a pamjigo. Mulibe chamoyo m'menemo. Giredi yachitatu ija, imene munati zinyalala, ndiyo inali zonse. Mwatentha zaka zanga zinayi, Adada, ndipo mlangizi wakugwirani chanza.

Bwanji simunafunse? Moyo wanga wonse mwakhala mukundisankhira. Sukulu munasankha ndinu, zovala ndinu, ngakhale mnyamata uja wa kwa Chisemphere munamuika giredi yachitatu musanamulankhule n'komwe. Ndinkangoti chabwino, ndi bambo anga. Koma ichi chinali changa. Ndinachipeza ndekha, ndinagwada ndekha kuseri kwa chigafa, ndipo chimene ndinakupemphani chinali chimodzi chokha.

Atsala masiku 16. Mankhwala oyezera atsala a kambale kamodzi basi, ndipo ndilibe choikamo. Shalom wangotulutsa pasipoti yake m'chikwama n'kumaiyang'ana. Pa 22 sindibwera. Ndidzatape chiyani, phulusa?

Ndakwiya, Adada, ndipo sindibisa.

Lefina

Lukwa
20 Juni

Iwe Lefina,

Ndine mayi ako. Uwerenge mofatsa, dzanja langa ndi la Sitandade 5. Tili bwino, ngati kumeneku ndiko kukhala bwino.

Makalata ako awiri anafika tsiku limodzi, Lachisanu. Ya Meyi ija inali m'minibasi ya Yobu nthawi yonse imene inali kwa makaniko, ndipo pobwera kudzatenga katoni anaiiwala momwemo. Abambo ako anayamba kuwerenga imeneyo. Atafika poti musausamalire, anavula magalasi n'kuyang'ana kuchigafa. Kenaka anatsegula yachiwiri. Mwana iwe, kalata yotere umalembera mnzako wa kusukulu, osati munthu amene anakubereka. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, chakudya osachiyang'ana. Koma nanenso ndinawauza kuti safunsa anadya phula. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma pakhomo pano mkulu ndi amene amayenda ndi machesi.

Tsono imva zimene achita Lamulungu. Atatha zolengeza za mpingo sanakhale pansi. Anati, "Aliyense amene ali ndi mulu wa mitengo ya fodya wowola, wosatentha, andione tikaweruka." Anthu ankayesa msampha, kuti akawanenere kwa mlangizi. Ndiye abambo ako, mkulu wa mpingo, anakonza kukhosi nati, "Musaope. Ine ndinali nawo wa zaka zitatu kuseri kwa chigafa, masiku onse amene ndinkakudzudzulani aja." Mayo ine, kuseka kwake! Ine ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Koma tikutuluka, anthu anayamba kuwayandikira m'modzim'modzi, monong'ona ngati akugulitsa kachasu.

Chiyambire Lolemba sakukhala pakhomo. Amapalasa njinga ndi mwendo womwe uja, supuni yanga yabwino ili m'thumba la jekete, timapulasitiki ta shuga tili pakaliyala, kalata yako ya Meyi ili m'manja ngati buku la nyimbo. Amagwada kuseri kwa zigafa za anthu, m'madzala, m'makola, kununkhiza. Dzulo anafika mpaka kwa Mwase. Akubwera mathalauza ali bii, akununkha ngati khola la nkhumba, ndipo wochapa ndine. Achinyamata pamsika ayamba kale kuwatcha a Chuku. Akumva, koma sakucheuka.

Ndawafunsa kuti kodi zimenezi zimuthandiza mwanayo? Akuti sakudziwa. Akuti unalemba kuti mbale yako ili ndi maenje 96, ndiye ayesa kuwadzaza. Sindinawamvepo akuti sakudziwa chikwatiraneni.

Za mpango usavutike nazo.

Amayi ako

Lukwa, Kasungu
25 Juni 2024

Mwana wanga Lefina,

Moni. Ndilemba mwachidule chifukwa ndili pa siteji ku boma, Yobu akuliza hutala. Dengu ili ndalikhazika ndekha pampando wakutsogolo, ndaliphimba ndi saka yonyowa, ndipo ndamuuza Yobu kuti likagona panjira asadzapondenso ku Lukwa.

Muli timapulasitiki 74. Ndinafuna 96, koma mwendo wakana. Kalikonse ndakalemba nambala, dzina la mwini wake, malo amene ndatapa, ndi kunyowa kwake. Zonse ndi zapansi, supuni imodziimodzi, sizinaone dzuwa. Nambala 1 ndi wathu. Ndinakumba pansi pa phulusa mpaka mkono wonse kulowa, ndinapeza dothi lonyowa pang'ono. Mwina moto sunafikeko.

Ndinalakwa, Lefina. Ndinkaganiza kuti ndikukuchotsera manyazi, osadziwa kuti manyaziwo anali anga. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Ichi ndi chimene ndakwanitsa.

Sindikudziwa kuti chuku chabwino chimaoneka bwanji, ndiye sindinataye chilichonse.

Bambo ako,
Levison

Kawale, Lilongwe
29 Juni 2024

Okondedwa Adada,

Moni kwa inu ndi Amama. Dengu linafika tsiku lomwelo, a Yobu atalinyamula ngati mwana wodwala. Sindikanatha kuyeseratu, poti mankhwala anali a kambale kamodzi. Ndiye dzulo ndinaima pamaso pa alendo osadziwa ngati m'dengumo muli kanthu kapena ayi.

Anabwera atatu, wowatsogolera ndi mayi wa magalasi, wosaseka. Ndinawauza zoona, kuti chimene ndinawalonjeza chinapsa ndi moto, ndipo ndili ndi zina 74 zimene sindinaziyezepo. Mayiwo anangoti, "Yezani tione." Tinadzaza timaenje ine ndi Shalom. Masana magetsi anazima, koma kambale kathu sikalira magetsi, ndipo ndinaona m'modzi wa alendowo akulemba zimenezo.

Tinadikira. Maso anga anali pa nambala 1 pokhapokha. Adada, sindikunamizani, nambala 1 sinasinthe. Moto wanu unafika pansi. Ola lachiwiri linakwana kambale konse kali mbee, alendo ayamba kuyang'ana mawotchi, ine thukuta lili kamukamu. Kenaka Shalom anandigwira mkono. Nambala 12 inali itayamba kuoneka chikasu chotuwa, kenaka nambala 31. Ndipo nambala 58, Adada! Inapsa ngati chikasu cha dzira, chimodzimodzi chija cha pa Isitala. Ndinatembenuza kapulasitiki kake, munalembapo kuti: "58. Anesi. Kudimba, pansi pa tomato. Chonyowa kwambiri. Giredi 3." Ndinaseka misozi ikutsika. Mpaka pamenepa munalemba giredi!

Mayi aja anati chimene chawagwira mtima ndi kuona zinthu 74 zikuyezedwa masana amodzi, poti ndi ntchito imene thumba lawo likufuna. Anatenga timapulasitiki tanu n'kumawerenga kamodzikamodzi, nafunsa kuti wasonkhanitsa mwadongosolo chonchi ndani. Ndinati ndi bambo anga, katswiri wosankha fodya ku Lukwa. Tili m'gulu la atatu amene athandizidwe. Kalata yotsimikiza ibwera mwezi wamawa. Shalom wabweza pasipoti m'chikwama.

Muwafunse a Anesi kuti anathira chiyani kudimbako. Ndipo kalata yanga ija ya pa 12 muing'ambe. Zina ndinanena zoona, koma kanenedwe kake ndinalakwitsa. Mundikhululukire.

Mpango wa Amama ndagula. Ndibwera nawo ndekha.

Ndine mwana wanu,
Lefina

Lukwa, Kasungu
4 Julayi 2024

Mwana wanga Lefina,

Moni m'dzina la Ambuye. Kalata yako yafika m'masiku atatu. Yobu watembenuka mtima.

Anesi ndamufunsa. Anayamba wakana, kenaka anagwada n'kuulula kuti tsiku lija, ine nditapita kunyumba kukatenga machesi, anatapa ndowa ziwiri za giredi yachitatu n'kukabisa kudimba. Ankayesa ndiwathamangitsa. Chiyambire kulemba matenanti, aliyense wondiphwanyira lamulo ndinkamudzudzula pagulu. Uyu ndamuthokoza pagulu, mwamuna wake ali pomwepo. Ndawapempha kuti chaka chino asabwerere ku Phalombe, ndipo dimbalo ndalitchinga ndi minga.

A Aloysius ndakambirana nawo. Akuti mitengo ya m'munda ndizitentha monga mwa lamulo, koma kadzenje kamodzi kovundikira, kosungiramo yowola, alola. Ndakumba kale pamalo pomwe paja, kuseri kwa chigafa.

Kalata yako ya pa 12 sinding'amba. Ndaiika m'Baibulo, kuti tsiku lina ndikadzafuna kukusankhiranso kanthu ndidzayambe ndaiwerenga.

Ukamabwera utenge kambale kako. Mkeka ndaukonza kale m'chigafa, womwe uja ndaphunzitsirapo anthu zaka makumi anayi. Ulendo uno mbali ya mphunzitsi ukhala iwe, ine ndikhala mbali inayo. Udzandiphunzitse kusankha.

Ndine bambo ako,
Levison, amene kuno akumutcha a Chuku